Anthu a m'timisewu timeneti anapita kuti?

Zithunzi zakale za timisewu ta m'mizinda ya ku Ulaya zili ndi kanthu kena kamene kamagwira mtima msanga. Makoma ataliatali uku ndi uku, pansi miyala yoyala ikunyezimira ndi madzi, nyali imodzi ili lende pakhoma, ndiye kanjirako n'kukhota osatiuza kumene kakupita. Anthu amazipachika m'malo odyera ndi m'mahotela, ena amaziika pa foni. Ukawafunsa chimene amazikondera, mayankho sasiyana kwenikweni: bata, kale lokoma, moyo wosathamanga. Inenso ndimazikonda, moti nthawi zina madzulo onse amathera pomwepo, ndikuzitsegula chimodzichimodzi pa intaneti pamene nyumba zosungira zinthu zakale za ku Paris, Glasgow ndi New York zinaziika kuti aliyense aone.

Koma pali chimene chimandisowetsa mtendere. M'zithunzi zambiri zotere muli zii, mulibe anthu. Chonsecho pa nthawi imene ankazijambula, malo amenewa ndiwo anali othithikana kuposa kwina kulikonse mumzinda. Munkalira ana, munkadutsa ngolo, amayi ankakangana pa mpope, ogulitsa malonda ankafuula kuyambira m'mawa mpaka usiku. Bata limene ifeyo tikulikhumbiralo m'timisewumo munalibe. Linachokera kwina, ndipo kumene linachokerako ndiko kumandichititsa chidwi kuposa makomawo.

Mbali ina linachokera mu kamera. Cha mu 1838, Louis Daguerre, mmodzi mwa anthu oyamba kutulukira luso lojambula zithunzi ndi kamera, analoza chida chake pazenera n'kujambula msewu wotchedwa Boulevard du Temple ku Paris. Uwu sunali msewu wopapatiza ayi, unali waukulu, wodzaza mahatchi, ngolo ndi anthu oyenda pansi. Koma kuti chithunzi chigwire pankafunika mphindi zingapo, ndiye chilichonse choyenda chinazimirira. Mumsewu wonsewo munatsala munthu mmodzi wooneka bwino, cha pansi kumanzere, mwendo umodzi ataukweza pa bokosi, akupukutitsa nsapato. Anaoneka chifukwa anaima. Amene ankamupukutira nsapato uja, poti manja ake anali pa ntchito, akuoneka movutikira kwambiri. Nthawi zonse ndikachiona chithunzichi ndimaganiza za munthu wachiwiriyo, chifukwa zimene zinamuchitikira iye ndi zimene zinachitikira anthu osauka ambiri m'zithunzi za zaka zotsatira: wogwira ntchito ndi amene kamera inkamufufuta.

Pofika m'ma 1850 luso linasintha. Frederick Scott Archer anatulutsa njira yojambulira pa galasi mu 1851. Wojambula ankapaka galasi mankhwala, kuliika mu kamera lidakali lonyowa, kujambula, kenako n'kulitsuka lisanaume, zonsezi m'mphindi zosapitirira 15. Choncho ankayenda ndi hema wamdima kapena kangolo kodzaza mabotolo. Pamtetete pali dzuwa, masekondi ochepa ankakwanira. Koma m'kanjira kokhala pakati pa nyumba zosanja kanayi kapena kasanu, kuwala kumalowa kwa kanthawi kochepa patsiku, ndiye kamera inkayenera kukhala yotsegula nthawi yaitali. Munthu wodutsa ankangosiya kachifunga. Ojambula ena ankachita kulawirira m'bandakucha, anthu asanadzuke, kuti asasokonezedwe.

Zimenezo ndi za chida. Zikanakhala zokhazo, sindikanalemba nkhani ino. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi funso lakuti ndani ankatuma ojambulawo, ndipo ankawatumiranji.

Ku Paris, kuyambira mu 1853 mpaka mu 1870, mzinda unali m'manja mwa Georges-Eugène Haussmann, amene Napoleon III, mfumu ya France pa nthawiyo, anamupatsa ntchito youmanga mwatsopano. Anagwetsa nyumba pafupifupi 20,000 n'kulambula misewu ikuluikulu yowongoka imene alendo amaigomera lero. Zifukwa zinalipo zingapo, ndipo sizinali zabodza zonse. Kolera ya mu 1832 inapha anthu opitirira 18,000 mumzindawo, makamaka m'madera othinana a pakati. Madzi abwino analibe okwanira, zonyansa zinkayenda m'ngalande pakati pa msewu. Komanso boma silinaiwale kuti mu 1830 ndi mu 1848 anthu a m'madera omwewa anazula miyala ya mumsewu n'kutchinga tinjira, asilikali n'kulephera kulowa. Kanjira kopapatiza anthu khumi angathe kukatseka ndi ngolo imodzi yogubuduza. Msewu waukulu sutsekeka choncho.

Cha mu 1865 akuluakulu a mzindawo anatuma Charles Marville kuti ajambule timisewu timene tinali pa mndandanda wogwetsedwa. Anajambula zithunzi zopitirira 400. Mukaziyang'ana motsatizana mudzaona chizolowezi chake: kamera ankakonda kuiika pansipansi, moti theka la chithunzi limakhala miyala yonyowa ndi ngalande yodutsa pakati, ikubwera kwa inu. Makoma ali bii ndi utsi, ena otupa, ena ochirikizidwa ndi mitengo. Ngolo zaimikidwa pambali, zopanda hatchi. Anapitanso kumtsinje wa Bièvre, kumene ofufuta zikopa ankatayira madzi awo onunkha. Akatswiri ena amati ankachita dala kuti malowa aoneke odwala, oyenera kuchotsedwa. Ena amati ankangolemba mbiri mokhulupirika ndipo ankawakonda malowo. Ine ndikaona mmene kuwala kumagwera pamiyala yake, zimandivuta kukhulupirira kuti munthuyu ankawada. Koma amene ankamulipira ankadziwa chimene ankafuna: umboni wa mmene kunalili kale, woti adzauike pambali pa chithunzi cha msewu watsopano.

Apa ndiye pagona nkhani. Kwa anthu amene anayamba kuziona zithunzizi, kanjira kopapatiza sikankatanthauza bata. Kankatanthauza matenda, umphawi, umbava ndi chipolowe. Madokotala ambiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti matenda amabwera ndi mpweya wonunkha, choncho malo opanda dzuwa ndi mphepo ankawaona ngati gwero la imfa. Chithunzi chomwecho chimene ife timati n'chokongola, iwo ankachiona ngati chikalata cha mlandu.

Zithunzi zimene ndimabwererako kawirikawiri si za ku Paris koma za ku Glasgow, ku Scotland. Mzindawu unakula mochititsa mantha: mu 1801 munali anthu pafupifupi 77,000, pofika mu 1871 anali atayandikira 480,000. Ambiri anachokera ku Ireland pothawa njala ya m'ma 1840, ena kumapiri a kumpoto kwa Scotland kumene eni malo anawathamangitsa kuti aziwetako nkhosa. Onsewa ankadzapanikizana m'tinjira tochoka m'misewu yakale ya High Street, Saltmarket ndi Gallowgate. Tinjira tina tinali toti munthu akatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. Kalembera wa mu 1861 anapeza kuti banja limodzi mwa mabanja atatu alionse ku Scotland linkakhala m'chipinda chimodzi chokha. Ku Glasgow akuluakulu anafika pokhoma tizitsulo pazitseko za nyumba zing'onozing'ono, polembedwa chiwerengero cha anthu ololedwa kugona mmenemo, ndipo oyendera ankagogoda pakati pa usiku kudzawerenga mitu.

Mu 1866 kunakhazikitsidwa lamulo lolola mzindawo kugula ndi kugwetsa madera amenewa, ndipo bungwe limene linapatsidwa ntchitoyo, la City Improvement Trust, linatuma Thomas Annan kuti awajambule asanagwe. Anagwira ntchitoyi kuyambira mu 1868 mpaka mu 1871. Dzina limeneli lisatidabwitse kwambiri ife a kuno, chifukwa ntchito ya manja ake tinaionapo osadziwa. Annan ankakhala ku Hamilton, pafupi ndi Blantyre wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira, ndipo ndi amene mu 1864 anajambula chimodzi mwa zithunzi zodziwika bwino za Livingstone, atabwerako ku ulendo wake wa kumtsinje wa Zambezi ndi Shire. Munthu yemwe anajambula mlendo wathu wotchuka uja ndi yemwenso anajambula umphawi wa kwawo kwa mlendoyo, umene m'mabuku a kusukulu sankatiuza.

Annan anatumidwa kukajambula nyumba, osati anthu. Koma anthuwo anabwera okha. Tangoganizani: bambo wachilendo walowa m'kanjira kanu ndi bokosi lalikulu la miyendo itatu, wadzifunditsa nsalu yakuda kumutu, akununkha mankhwala. Ndani angakhale m'nyumba? Ndiye m'zithunzi zake zambiri muli anthu, ndipo Annan sanawathamangitse.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikatsegula chimodzi mwa zithunzi zake ndimachikuza mpaka miyala ya khoma iyambe kuoneka payokhapayokha, ndiye n'kumayenda nacho pang'onopang'ono kuchokera pansi. Poyamba ndi ngalande, kamzere kakuda konyezimira m'mbali mwa khoma. Kenako mapazi a ana, ambiri opanda nsapato, pamiyala yozizira ya dziko lachisanu. Amayi aima pakhomo atafunda nsalu zaubweya m'mapewa, ena atapinda manja pachifuwa, akuyang'ana kamera mosaphethira. Nkhope zawo sizipempha chifundo. Pambali pawo pali kamtambo koyera kofika m'chiuno mwa munthu wamkulu: ameneyo ndi mwana amene analephera kuima phee, anatembenuka kapena kuthamangira kwa mnzake. Mukakweza maso mukuona mitengo yotulukira m'mazenera, payanikidwa zochapa, malaya, matewera, nsalu zogonera, nsanjika pamwamba pa nsanjika mpaka kukafika pa kachidutswa ka thambo.

Zochapazo zimandigwira mtima kuposa china chilichonse. Amene anatuma Annan ankaona uve m'tinjira timeneti, koma m'zithunzimo mwadzaza umboni wa anthu olimbana ndi uve tsiku ndi tsiku. Aliyense amene anachapapo zovala za banja lonse ndi madzi otunga m'ndowa akudziwa ntchito yake. Ndiye onjezerani kukwera nawo masitepe amdima mpaka nsanjika yachinayi, kuwatenthetsa pa malasha ogula, kuyanika pamalo pamene dzuwa silifika ndipo utsi wa mafakitale ukugwera pomwepo. Mayi wochita zimenezi sabata ndi sabata sangatchedwe wauve. Anasowa madzi ndi malo, ndipo zimenezo sanazisankhe yekha.

Pali china chimene ambiri sachidziwa chokhudza Annan, chimene kwa ine chimamasulira zithunzi zake zonse. Zaka pafupifupi khumi asanalowe m'tinjira timeneti, anajambula ntchito yaikulu yobweretsa madzi ku Glasgow kuchokera kunyanja ya Loch Katrine, imene Mfumukazi Victoria anaitsegulira mu 1859. Miliri ya kolera ya m'mbuyomo, ya mu 1848 ndi ya mu 1853, inapha anthu masauzande mumzindawo. Koma kolera itabweranso mu 1866, ku Glasgow kunafa anthu ochepa kwambiri. Tinjira tija tinali tidakalipo, topapatiza chimodzimodzi, tamdima chimodzimodzi. Chimene chinasintha ndi madzi.

Ku Hamburg, ku Germany, phunziro lomweli linabwera mowawa. Mu 1892 kolera inapha anthu pafupifupi 8,600 m'masabata ochepa. Mzindawo unkamwetsa anthu madzi a mumtsinje wa Elbe osasefa. Tauni yoyandikana nayo ya Altona, imene inkasefa madzi ake mumchenga, inapulumuka kwakukulu, ngakhale malire a matauni awiriwa ankadutsa pakati pa misewu. Robert Koch, dokotala amene anazindikiritsa dziko kachirombo ka kolera, atayendera tinjira ta anthu osauka ta Gängeviertel ananena kuti akuiwala zoti ali ku Ulaya. Mawu amenewa ndimawamva kuwiri. Akuonetsa kukula kwa mavuto amene anawaona, komanso akuulula mmene anthu ophunzira a nthawiyo ankaganizira: kuti umphawi wotere kwawo ndi kwina, si kwa azungu. M'zaka zotsatira tinjirato tinagwetsedwa pafupifupi tonse.

Sindikunena kuti nyumba zimenezi zinali zabwino kukhalamo. Anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi chonyowa, chifuwa chachikulu chikuyenda kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, palibe chokoma pamenepo, ndipo wozilakalaka ndi amene sanagonemo. Chimene ndikukana ndi kusakaniza zinthu ziwiri. Kupapatiza kwa msewu kunali kooneka ndi maso, kosavuta kujambula, kosavuta kuloza chala. Malipiro ochepa, lendi yokwera ndi madzi oipa sizioneka pa chithunzi. Choncho kanjira kanasenza mlandu wa zinthu zonsezo, ndipo kugwetsa kunaoneka ngati kuchiza. Ku Glasgow bungwe lija linagwetsa kwambiri koma kwa zaka zambiri silinamange nyumba zokwanira anthu amene linawasamutsa. Iwo anangosunthira m'tinjira tapafupi n'kukathinanamo koposa kale. Ku Paris osauka anakankhidwira kumphepete, kumadera monga Belleville ndi Ménilmontant, chifukwa lendi ya nyumba zatsopano za m'misewu ikuluikulu sakanaikwanitsa.

Nanga tanthauzo linatembenuka liti, kuti chinthu chochititsa manyazi chisanduke chokongoletsera khoma? Linayamba kutembenuka pamene timisewuti tinayamba kusowa. Ku London, mu 1875, anthu ena atamva kuti nyumba yakale ya alendo ya Oxford Arms ikugwetsedwa, anapangana zolemba ojambula, ndipo pa zaka 11 zotsatira anatulutsa zithunzi 120 za malo akale a mzindawo. Awa sankafuna umboni wa uve, ankalira maliro a zinthu zimene zikupita. Zithunzi za Annan nazonso zinasintha m'manja mwa anthu. Atazisindikizanso patapita zaka, mitambo inawonjezeredwa kuthambo kumene kunali mbee, zochapa zina zinayeretsedwa, ndipo pofika mu 1900, iye atamwalira kale mu 1887, zinatuluka m'buku lokongola logulidwa ndi anthu opeza bwino. Zimene zinali lipoti la khonsolo zinasanduka zosangalatsa maso m'chipinda chochezera.

Amene anamaliza kutembenuza tanthauzoli ndi Eugène Atget, ngakhale mwini wake sankadzitcha waluso. Anabadwa mu 1857, anayesa za panyanja, anayesa zisudzo, osaphula kanthu, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 anayamba kuzungulira Paris ndi kamera yachikale yamatabwa ndi magalasi olemera, kujambula chilichonse chakale chimene Haussmann anasiya: tinjira, zitseko, masitepe, zikwangwani za masitolo, mabwalo a kuseri kwa nyumba. Anachita zimenezi zaka pafupifupi 30, n'kusiya zithunzi masauzande. Ankazigulitsa motchipa kwa ojambula pamanja ndi kunyumba zosungira mabuku, ndipo ankati ndi zikalata chabe zothandiza ena pa ntchito. Mu 1926 Man Ray, wojambula wa ku America amene ankakhala naye mumsewu umodzi, atafuna kusindikiza zina m'magazini, Atget anapempha kuti asalembepo dzina lake.

Atget ankakonda m'mawa kwambiri. Kuwala kwa m'zithunzi zake n'kofewa, kumapeto kwa kanjira kumakhala mbuu, ndipo umamva ngati wina wangochoka kumene kapena watsala pang'ono kutulukira. Walter Benjamin, wolemba wa ku Germany, ananena kuti Atget ankajambula misewu ngati malo amene pachitikira mlandu. Ndimagwirizana naye, ndipo ndimaonjezera kuti mlanduwo unachitikadi, ngakhale panalibe wapolisi anaulemba. Atget anamwalira mu 1927 ali wosauka ndi wosadziwika kwenikweni. Berenice Abbott, wojambula wa ku America amene anamujambula nkhope miyezi yochepa asanamwalire, anagula zambiri mwa zimene anasiya n'kuthera zaka makumi anayi akuzilengeza, mpaka mu 1968 pamene Museum of Modern Art ya ku New York inazitenga. Kuchokera pamenepo, maso a dziko lonse anaphunzira kuona kanjira kopanda anthu ngati ndakatulo.

Boma nalonso linatembenuka. Mu 1962 dziko la France linakhazikitsa lamulo loteteza madera akale a mizinda, limene limadziwika ndi dzina la nduna André Malraux, ndipo dera la Marais ku Paris, limene kwa nthawi yaitali linali la amisiri osauka ndi Ayuda obwera kuchokera kum'mawa kwa Ulaya, linapulumuka. Nyumba zinakonzedwa, madzi ndi zimbudzi zinalowa, makoma anatsukidwa. Zimenezi zinatsimikiza kuti kanjira kopapatiza kangathe kukhala malo abwino okhalamo popanda kukagwetsa. Koma pamene kanakhala kabwino, lendi inakwera, ndipo ambiri mwa anthu amene anapirira nako pa nthawi yoipa anachoka. Lero Marais ndi limodzi mwa madera odula kwambiri ku Paris. Zimandipweteka kuti njira yokonza popanda kugwetsa inalipo, koma inapezeka mochedwa, ndipo itapezeka inapindulira ena.

N'chifukwa chake sindikhulupirira kuti timisewuti tili ndi tanthauzo limodzi lokhazikika. Kwa wolamulira wa mu 1860 tinali chiopsezo. Kwa dokotala tinali nthenda. Kwa wogula buku wa mu 1900 tinali chikumbutso, kwa mlendo wa lero ndi malo odzijambulirapo. Amene sitinamve maganizo awo ndi eni ake, amayi a pakhomo aja ndi ana osanduka kamtambo. Annan analemba pansi pa zithunzi zake nambala ya kanjira ndi dzina la msewu. Mayina a anthu sanalembe, chifukwa si zimene anatumidwa.

Atget anawatsatira osauka kumene mzinda unawataya. Cha m'ma 1910 anatuluka kunja kwa linga la Paris, kumalo amene lamulo linkaletsa kumangako nyumba zokhazikika, kumene otola zinyalala ndi nsanza ankakhala m'tizisakasa ta matabwa, malata ndi ngolo zakutha, cha ku Porte d'Italie ndi ku Porte de Montreuil. Anawajambula ali pakhomo pawo, pakati pa milu ya nsanza ndi mabotolo amene ankasankha kuti akagulitse, mabanja athunthu, agalu ndi ana omwe. Zithunzi zimenezi zili m'nkhokwe zomwezo za pa intaneti, pafupi ndi za timisewu totchuka tija, ndipo ndi za munthu mmodzi yemweyo, kamera yomweyo, zaka zomwezo. Sindinazionepo zitapachikidwa m'hotela kapena m'malo odyera.